Magazi a Amayi pa Kachidutswa ka Dayamondi

Chaka china mpunga utangokololedwa ku Bwanje, kwathu ku Golomoti kunabwera alendo atatu pa galimoto yoyera. Panthawiyo ndinali wazaumoyo wa m'mudzi, woyenda pa njinga kukakweza ana sikelo, ndiye anandipempha kuti ndiziwamasulira.

Wamkulu wawo, mayi wamagalasi, anandionetsa kachidutswa konyezimira, kochepa ngati njere ya mpunga. Anati ndi dayamondi, koma osati wokumba pansi, uyu amachita kupanga m'makina. Akadonthezapo magazi, kamazindikira mapuloteni ena amene amachuluka impso zikayamba kuwonongeka, munthu asanamve n'kupweteka komwe.

Anthu anakana kupereka magazi awo kuti ayezedwe. Mphekesera za anamapopa zinathamanga kuposa njinga yanga. Ndinayenda khomo ndi khomo mpaka mawu kusasa, osaphula kanthu. Kenako ndinapita kwa amayi anga, amene mapazi awo anali atayamba kutupa.

"Amayi, mukayamba inu, enawa atsatira," ndinatero.

"Ukuti kamwalako kanena chimene chikundidya?"

"Kanena, amayi."

Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kukapereka chala pamaso pa onse. Tsiku limenelo anthu anafola mzere mpaka pa mtengo wa bwemba.

Nditafunsa zotsatira, mayi wamagalasi uja anati chipangizocho chikadali poyesedwa, sangauze munthu kanthu asanatsimikize. Anati adzatiimbira. Kaya zimenezi sananene poyamba paja, kaya ananena koma ine sindinamve chifukwa cha chimwemwe, mpaka lero sindidziwa.

Tinadikira. M'mawa uliwonse amayi ankandifunsa kuti, "Aimba anthu ako aja?" Kutupa kunakwera m'mawondo, kenako kumaso. Ine, wazaumoyo wathunthu, ndinkawauza kuti tidikire kaye yankho la dayamondi. Pamene tinkawatengera kuchipatala chachikulu, adokotala anangopukusa mutu, amvekere impso zonse ziwiri zinatha kale. Tinawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe.

Pamaliropo, mayi wina amene ndinam'nyengerera kwambiri kuti apereke chala anandiyandikira n'kunong'ona, "Nanga magazi athu aja ali kuti?"

Ntchito ija ndinaisiya, chifukwa panalibenso khomo limene ndikanagogoda ndi nkhope yowongoka. Masiku ano ndimagulitsa mpunga m'mbali mwa msewu ku Mtakataka. Nambala imene alendowo anandisiyira ndinaiimba kwa miyezi. Inkangolira osayankhidwa, kenako inasiya n'kulira komwe.