Tadala wakuopani, adadi

Adadi, lero pa TV abwereza sewero lija munali mlamu wolanda nyumba ya mayi wamasiye. Ndinaitana Tadala, mdzukulu wanu amene anabadwa inu mutatisiya kale, kuti adzaone agogo ake. Mutangoyamba kuponya katundu panja, mwana anathawira kuseri kwa mpando. "Amami zimitsani, agogo ndi oipa!" Mpaka pano mtima wanga sukukhazikika.

Zaka zonse zija, pa siteji, pa TV ndi m'mafilimu, sankakupatsani mbali ya munthu wabwino. Pena bwana wankhanza, pena wapolisi wa ziphuphu. Ndakumbuka tsiku lija mumsika wa ku Old Town, mayi wogulitsa tomato atakuzindikirani. "Inu si aja munathamangitsa mayi wamasiye? Pitani, sindikugulitsani!" Ine ndinafuna kumuuza kuti linali sewero chabe, koma munandigwira mkono. Munavula chipewa n'kunena motsitsa mawu, "Pepani mayi, ndinalakwa. Nyumba ija ndibweza." Anakuyang'anani nthawi yaitali, kenako n'kuyamba kukusankhirani tomato wabwino.

Chikundiopsa n'chakuti mavidiyo onse amene tatsala nawo ndi a munthu waukali uja. Bambo amene ankaseka mpaka misozi mu minibasi tikubwerera ku Area 47, tomato ali pamiyendo, palibe anawajambula. Tadala ndimuonetsa chiyani kuti andikhulupirire? Mayi wa tomato uja munamupepesa nokha, adadi. Nanga mwanayu amupepesa ndani?