Chipinda cha Atelala ndi makina awo

Amene amawaona Atelala lero, ali mushopu yawo pafupi ndi siteshoni ya sitima, kamimba kali patsogolo, tepi ili m'khosi, sangakhulupirire kuti bambo amenewa anagonapo pasofa ya alamu awo miyendo ili lende. Koma afunseni za masiku amenewo, muona singano ikuima.

Anafika m'dziko la eni ndi chikwama chimodzi ndi makina osokera. Achemwali awo, amene anakwatiwa komweko, anawalandira ndi manja awiri. Alamu nawonso poyamba ankaseka nawo, koma paja mlendo ndi mame, ndipo mame awa ankachedwa kukamuka. Posakhalitsa alamu anayamba kutsokomola akamadutsa pabalaza, chimfine alibe.

"Achimwene, musandimve molakwa," achemwali anawanong'oneza tsiku lina, "koma banja langa layamba kugwedezeka. Pezani kanu kachipinda."

Nyumba yaokha sakanaikwanitsa, choncho anayamba kufuna chipinda m'nyumba zokhala anthu angapo. Kumeneko okhalamo ndiwo amasankha mnzawo watsopano. Amakukhazika kukhitchini n'kumakupanikiza ndi mafunso ngati wabwera kudzafunsira mbeta. Umasuta? Alendo amakupeza pafupipafupi? Atelala ankayankha bwino zonse mpaka atatchula makina. Apo anthu ankamwetulirabe, mano mbee, n'kunena kuti, "Tikuimbirani." Foni imeneyo mpaka lero sinalire. Ulemu woterowo unkawapweteka kuposa chipongwe, chifukwa sunkasiya pogwira.

Wina anawalangiza kuti agulitse makinawo akayambe kutsuka mbale kulesitilanti. Atelala anakana. Mlimi amagulitsa khasu kuti apeze pogona?

Kumapeto anakwera masitepe onunkha chinyezi mpaka pamwamba penipeni pa nyumba ina yakale. Munkakhala anthu awiri, nawonso obwera, aliyense kwawokwawo: Adalaivala a basi, chimunthu chosekaseka, ndi Anamwino, mayi wamfupi wankhope yolimba, wogwira ntchito usiku n'kumagona masana. Chipindacho zenera lake linkayang'ana khoma, bedi linkalira munthu akangotembenuka, kabati inkatseguka yokha. Kwa Atelala inali nyumba yachifumu.

Atatchula makina, Anamwino sanamwetulire.

"Akandidzutsa kamodzi kokha, mudzanyamule katundu wanu. Tamvana?"

"Tamvana, mayi."

Masiku amenewo ndi amene Atelala amawasowa. Adalaivala ankaimba pometa ndevu, mawu ngati chitseko chadzimbiri. Mufiriji aliyense anali ndi shelefu yake, koma mkaka wa Atelala unkachepa wokha, ndipo wakubayo ankaiwala kupukuta ndevu. Onse atatu chinenero cha dzikolo ankachithyola miyendo, aliyense mwa njira yake, koma ankamvana.

Vuto linali ntchito. Masana Anamwino ali m'tulo, madzulo akangoponda makina pang'ono, a m'chipinda chapansi ankagogoda denga lawo ndi mpini wa tsache. Choncho ankasoka pamanja, akuyenda monyang'ama m'chipinda chawo chomwe, mpaka zala zinachita matuza. Kenako kunabwera diresi ya ukwati, nsalu yake yosatha, mayi a mkwatibwi akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Pamanja sikanatheka. Kulephera kukanawathawitsira makasitomala onse, poti mbiri yoipa imayenda msanga pakati pa anthu obwera.

Masana ena anayala bulangete pansi pa makina, anatseka mpata wa kunsi kwa chitseko ndi thaulo, n'kuponda. Msoko woyamba unatha bwino. Wachiwiri uli pakati, chitseko chinalira ngati chikuthyoka.

Anamwino anaima pakhomo tsitsi lili nyankhalala, maso ali psu. Anayamba m'chinenero cha dzikolo, chitawathera analowa cha kwawo, chala chili pamphuno pa Atelala. Atelala anangoti zyoli. M'maganizo anali atamanga kale katundu, akukweranso masitepe a eni, akuonanso mano oyera aja.

"Munthu wamkulu ndevu pepeya, mutu ulibe nzeru!" Anamwino anabwerera m'chinenero chomveka. "Mukuyesa bulangete limatseka makutu? Pakamwa mulibe? Bwanji osandiuza kuti mwapanikizika? Taonani zala zanuzo!"

Anatuluka, n'kubwera ndi mankhwala ndi bandeji. Anawamanga zala mwankhanza, akukalipabe.

"Kuyambira mawa ndikadzuka ndizigogoda khomali, inu muziponda mpaka ndinyamuke. A pansiwo ndikalankhula nawo ndekha. Lero malizani chidiresi chanucho, tulo mwandithera kale."

Chitseko chinamenyedwanso. Atelala anakhala pabedi lolira lija, misozi ikugwera pabandeji, koma akuseka. Chitsikireni ndege, anthu onse ankawakana mwaulemu. Uyu anali woyamba kuwakalipira ngati wake.