Tsiku lobadwa la pa reji

Ndinasiya choko ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Nditauza aphunzitsi anzanga ku Vubwi kuti ndikupita ku Katete kukaphunzira unamwino, anaseka mpaka kugwira nthiti. Wina anati, "Amadamu, ukalamba wakuyambirani kumutu." Mwina sanalakwe.

Kukoleji ndinkagona chipinda chimodzi ndi atsikana atatu, onse amsinkhu wa mwana wanga woyamba. Amwano sanali, ayi. Ankanditungira madzi, kundisiyira mpando. Koma ndikangolowa, nkhani yawo inkaduka, ndipo ulemu umenewo unkandiwawa kuposa chipongwe. Ndinkadya ndekha, kuwerenga ndekha. Mayina a mafupa ankalowera khutu ili n'kutulukira linali. Mayeso oyamba ndinagwa, ndipo anandichenjeza kuti ndikagwanso ndilongedze katundu.

M'mawa uliwonse atsikanawo ankawerengerana pa foni zimene nyenyezi zikunena za munthu malinga ndi tsiku lake lobadwa. Tsiku lina mmodzi anandimvera chisoni.

"Anti, inu munabadwa liti? Tikuonereni nanunso."

Ndinatchula la pa reji, chiphaso changa cha boma, tsiku loyamba la Januwale. Akuti nyenyezi yanga ndi ya mbuzi, ndipo munthu wa mbuzi chaka chimenecho sanayenera kusiya zimene anazolowera. Ine mayi wachigwirizano, wovala yunifolomu ya mpingo, sindinayenere kuzilabadira. Koma chakudya chinandikanika tsiku lonse. Kalata yopempha kubwerera ku uphunzitsi ndinalemba, n'kuipinda m'Baibulo.

Chimene chinandiletsa kuitumiza n'chakuti tsiku limenelo si langa. Ndili mwana, ahedi a kusukulu yathu ankalembera tsiku lomwelo mwana aliyense amene makolo ake sankadziwa madeti. Theka la kalasi lathu linabadwa limodzi ndi chaka. Ndinaganiza kuti ngati n'kugonja, ndigonjere nyenyezi yanga yeniyeni. Loweruka ndinakwera minibasi ya kwathu ku Sinda.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza.

"Amayi, kodi ine ndinabadwa tsiku lanji?"

"Ukufuna kulitani, mwanangu?"

"Akulifuna kusukulu," ndinanama.

"Tsiku sindidziwa. Tinali titangokumba mtedza. Unabadwira m'ngolo popita kuchipatala, tisanafike ndi pamsewu pomwe."

Anapitiriza kusenda. Kenaka, osandiyang'ana, anati, "Munabwera awiri. Iwe unalira. Mnzakoyo anapuma pang'ono chabe, ndipo m'ngolomo munalibe wodziwa chochita."

Zaka zonsezo palibe anandiuzapo. Kwathu khanda lotero amakaliika amayi achikulire okha, popanda kulira maliro, ndipo nkhani imathera pomwepo. Amayi anamvera mwambo. Anandiyamwitsa, kundipereka kusukulu, kundikwatitsa, pakamwa pali chitsekere.

"Anali wamkazi kapena wamwamuna?"

"Sanandionetse."

Ndinawathandiza kusenda mpaka lichero linadzaza. Sitinalire. Sindinkadziwa n'komwe ngati zaka zikapita chonchi munthu amaloledwa kulira. Ndinangomva kuti kusungulumwa kumene ndinkanamizira atsikana a kukoleji kunali kwakalekale, ndinachoka nako m'ngolo.

Nditabwerera, mtsikana uja, amene ndinamuuza chimene ndinapitira, anandichingamira ndi foni m'manja.

"Anti, mwalipeza? Tione."

"Palibe amene analisunga, mwanawe."

Kalatayo ndinaing'amba, osati chifukwa cha kulimba mtima. Mantha a mayeso ndinali nawobe, ndipo pa tebulo ndinkakhalabe ndekha. Koma sabata yotsatira anatiphunzitsa kutsitsimutsa khanda lobadwa losapuma bwino, pa chidole cha pulasitiki. Kulipukuta, kulisisita pamsana, kuwongola kamutu, kupopera mpweya. Anzanga anayesa kamodzikamodzi n'kuthamangira kukadya. Ine ndinatsala, ndikubwereza, mpaka mphunzitsi anabwera kudzatseka chitseko.

"Amayi, mwakhoza kale," anatero. "Ndi zophweka izi."

Zinalidi zophweka. Zonse pamodzi sizinkakwana ndi mphindi imodzi.