Miyala Yoyera ya ku Ching'ambo

Amene anasuntha miyala ija ndine. Lekani kunamizira zidakwa za ku Katoto, lekaninso zonena kuti ndi afiti. Ndine, ndipo msana ukundiwawabe, poti miyala ya boma ndi yolemera.

Kwa inu okhala kutali ndi Mzuzu, nkhani ili chonchi. Akuluakulu oyendetsa tauni agamula zinthu ziwiri. Choyamba, msewu wa kumasitolo ukhale wa oyenda pansi okha, wanjinga azitsika n'kumakankha. Chachiwiri, ku Ching'ambo nyumba zizimangidwa pamzere, ndipo yomwe yaima podzadutsa msewu igwetsedwe. Posonyeza malire, kumasitolo anandandalika miyala yopaka njereza. Ku Ching'ambo nakonso, miyala yopaka njereza. Wobwera kudzafotokoza sitinamuone.

Ndiye ndikufunseni: mwala woyera ukuti chiyani? Tsika panjinga, kapena sasula denga?

Mzere wa ku Ching'ambo unaloza pakhomo penipeni pa amama NyaMhango, amasiye amene amatigulitsa zitumbuwa kusukulu. Mesenjala anawauza kuti mvula isanagwe nyumba ikhale itachoka. Loweruka ndinawapeza atakwera pamtondo, akusolola udzu wa denga.

"Amama, mukusamukira kuti?"

"Kaya, mwana wane. Akuti pano padzadutsa galimoto."

"Ya ndani?"

"Ukufunsa ine? Kuno galimoto unaionapo iwe? Funsa mwalawo, ndiwo waphunzira sukulu."

Lamulungu, anthu onse ali kutchalitchi, ndinabwereka wilibala. Mzere uja ndinaukhotetsa bwinobwino kuti ulambalale nyumba ya amama. Koma mzere ukaukhotetsa uyenera kukathera penapake, ndipo wanga unakathera m'dimba la kabichi la a Gondwe, kalaliki wa ku ofesi ya tauni. Miyala yotsala ndinaiyala pakanjira ka kuchitsime. Ndikanaitaya? Katundu wa boma satayidwa.

Lolemba kunacha ndi chisokonezo.

Abambo opita kuntchito atafika pakanjira kaja, onse anatsika panjinga n'kuyamba kukankha m'matope. Vuto linali lodziwa pokwereranso. Mkulu wina wochokera ku Dedza akuti anakankha mpaka ku Kaning'ina, akuyembekeza miyala ina yomuuza kuti lamulo latha. Telala wa kumasitolo atamva kuti miyala yoyera imagwetsa nyumba, anayang'ana ya pakhomo pake n'kuyamba kumanga makina ake pachinsalu. Ndipo a Gondwe, munthu amene amalemba malamulowo ndi dzanja lake, anazula okha kabichi wosakhwima, akudandaula kuti bwanji sanawauze.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, sindibisa. Koma nditatha kuseka mutu unayamba kuzungulira, ndipo ukuzungulirabe.

Zatheka bwanji kuti tauni yonse imvere mwala? Mphunzitsi wanga akalamula ndimafunsa chifukwa, ngakhale ndimalipira ndi matako. Koma akuluakulu a ndevu zawo akaona njereza amangovula chipewa. Amati safunsa anadya phula. Chabwino, nanga tikafunse ndani? Misonkhano ya tauni imachitika m'Chizungu, chitseko chotseka. Amene nyumba zawo zikukambidwa saitanidwa. Chimene chimatuluka m'chipindamo n'kufika kwa ife ndi ndowa ya njereza basi.

Sindikukana misewu yowongoka, ine. Ngakhale zoti ana aziyenda kumasitolo osaopa kugundidwa ndi njinga ndazikonda. Koma msewu wa galimoto kumene kulibe galimoto, ndi lamulo loti ngakhale kalaliki wake salizindikira likasuntha, zimenezo sukulu yanga ya sekondale yalephera kundimasulira.

Anandigwira Lachiwiri. Mwini wilibala anaona njereza m'kati mwake, ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Anandikokera ku ofesi, kumene ndinapeza chisokonezo choposa changa. Mzungu woyeza malo anafunsa mapu, anamuuza kuti anatumizidwa ku Zomba. Anafunsa za anyamata amene anayala miyala, anamuuza kuti anali aganyu, anabwerera kwawo. Anafunsa a Gondwe, iwo n'kuyamba za kabichi.

Chigamulo chinali chakuti ahedi andikwapule, kenaka ndibwezere mwala uliwonse pamene ndinautola, a Gondwe akuyang'anira.

Mwamva? M'tauni yonse ya Mzuzu, wodziwa pamene msewu wa boma udzadutse ndi ine ndekha.

"Iwe, mwala uwu unali apa?" anafunsa a Gondwe titafika.

"Pomwepa, adada."

"Ukunena zoona?"

"Ngati inu mukukumbuka pena, lozani, ndiuika."

Anakanda mutu, nayang'ana uku ndi uku. "Fulumira, dzuwa likundiotcha."

Mzere wabwerera mwakale, ndithu. Chodabwitsa n'chakuti tsopano ukudutsa kuseri kwa nyumba ya amama NyaMhango, kusiya mpata woti mbuzi n'kudutsa. Mwina unali pomwepo chiyambire. Amene akukumbuka bwino kuposa ine abwere ndi wilibala yake.

Dzulo ndinawapeza amama ali pamtondo paja, akubwezera udzu padenga.

"Yewo chomene, chigawenga iwe," anatero, akundiponyera chitumbuwa. "Khala pansi udye."

Ndinadya nditaimirira. Ahedi athu ali ndi dzanja labwino, ndipo kukhala pansi ndiyamba mwina Lachisanu.