Mpanda wa Udzu Umene Unasunga Bambo

Fungo la sipiriti sindilikonda mpaka lero. Likangondifika m'mphuno ndimabwerera ku Nchema, chilimwe chija nandolo atauma m'minda, pamene kunabwera anthu ofufuza za khate. Anali mzungu wamkazi ndi anyamata ovala zoyera. Anaika tebulo pabwalo la sukulu, fumbi la galimoto yawo lisanatsike n'komwe.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali kutsidya kwa Nguludi. Munda, nyumba ndi ife ana, zonse zinali za kuchikazi. Ndine ndinkawatsuka bambo kumsana kumtsinje ndi mwala wokhakhala. Pansi pa phewa lawo panali banga lotuwa ngati phulusa. Tsiku lina ndinapakhula mpaka kutuluka magazi, iwo osatembenuka. Nditawauza, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Pakamwa ndi pako," anatero. "Koma ukalankhula, ukhala wopanda bambo."

Sankanama. Mkamwini wina atadziwika kuti ndi wakhate, anamupatulira mbale, kenako anamuikira mphasa yake panjira. Mkazi wake anakwatiwa kwina.

Ofufuzawo anati mudzi wonse ufole pamzere umodzi, aliyense avule malaya, amukhudze ndi thonje atatsinzina, amupukute khutu ndi sipiriti n'kucheka pang'ono. Amuna anaima patali pansi pa mango. Palibe anasuntha. Agogo, apongozi a bambo, anali pamzere womwewo. Munthu amene umamupatukira njira ukamuona, ungamuvulire malaya? Alendowo sanafunse. Anaganiza kuti tikuopa anamapopa, nayamba kulumbira kuti sagulitsa magazi. Kulumbirako kunadzutsa mantha amene panalibe. M'mawa mwake anyamata ena anabwera ndi zibonga.

 Masiku amenewo ndinaona bambo atagwira chikuni choyaka, akuyatsa fodya, osamva kuti chala chikupsa. Akapita kutebulo, adziwika ndipo athamangitsidwa. Akapanda kupita, zala zitha.

Amayi sanatchulepo za bangalo, koma ankadziwa. Anasenza mtolo wa udzu wofolera, nakauponya patsogolo pa tebulo lija. "Inu a dokotala, kwanuko mumasamba pamsewu?" Mnyamata womasulira anamasulira momwemo. Mzunguyo anayang'ana udzu, nayang'ana amuna a pansi pa mango ndi zibonga zija. Ndipo kwa nthawi yoyamba anafunsa kuti, "Nanga tichite bwanji?"

Anakhala nafe pansi, pafumbi. Anthu anamanga mipanda iwiri, wa amuna ndi wa akazi, aliyense alowe yekha. Alendo ankafuna kuti wanjinga azipereka mankhwala khomo ndi khomo. Che Saidi, telala wathu, anakana. "Njinga ikaima pakhomo, mudzi wonse wawerenga. Muzisiya pakhonde panga. Palibe mwamuna muno wopanda chong'ambika."

Bambo analowa pakati pa ena. Ine ndinaima kunja, sipiriti akununkha kupyola udzu. Anatuluka akumanga mabatani, nkhope ili gwa. "Buluku langa lang'ambika," anatero mokweza. "Tiye kwa telala."

Linang'ambika mwezi ndi mwezi kwa zaka. Agogo ankadandaulira amayi kuti, "Mkamwini wanuyu amakhala paminga kodi?" Bambo anakalambira m'mudzi womwewo, nafa ndi zala zawo zonse.

Chaka chatha kunabwera achinyamata ofufuza za shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Awa anayamba n'kutiitana kutchalitchi kuti amve maganizo athu. Anzanga analankhula zambiri. Ine ndinafunsa chimodzi: "Mpanda mumanga pati?"

Ndili mwana ndinkati bambo anapulumuka ndi mapiritsi a kwa telala. N'zoona, mapiritsi anawasungira zala. Koma chimene chinatisungira bambo pakhomo ndi mtolo uja amayi anauponya pansi.