Tsiku Limene Ndinadyera Pamsewu

Ndinayamba kuthamanga ndili wodula nzimbe. Lole yonyamula antchito ikandisiya, ndinkathamanga kuchoka ku Kanyenda mpaka kumunda, chikwanje chili m'manja. Nditapuma pantchito sindinasiye. Mwana wanga amene ali ku Lilongwe ananditumizira nsapato zothamangira, za pakaunjika. Katatu pa sabata ndimanyamuka kukangocha, n'kutsata msewu wa tala kulowera ku Dwambazi. Ndikafika pamlatho ndimatembenuka.

Ndinkanyamuka osadya. M'njiramo sindinkadyanso. Bambo anga anali msodzi, munthu wa mawu ochepa. Tsiku lina ndili mwana anandipeza ndikuyenda pamsewu, uku ndikukukuta chimanga chootcha. Anandilanda n'kuchiponya patchire.

"Wodyera pamsewu ndi galu," anatero. "Munthu amakhala pansi, amasamba m'manja."

Mawu amenewo ndinakula nawo. Zaka zonse za kumunda, anzanga akamatafuna nzimbe poweruka, ine manja anali m'thumba.

Nditadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi, chinthu china chinayamba kundigwira. Sichipweteka. Sichichenjeza. Ukuthamanga bwinobwino, mpweya ulipo, kenako miyendo imangozima ngati injini ya boti yathera mafuta pakati pa madzi. Thukuta limazizira. Manja amanjenjemera. Msewu umayamba kuoneka mbuu.

Koyamba ndinakhala pansi ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Kenako ndinayenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba. Sindinauze munthu. Kachiwiri ndinagwa. Anandibweretsa pa kabaza, mudzi wonse ukuona.

Akazi anga anapita nane kuchipatala. Namwino anandiyeza magazi, shuga ndi mtima. Sanapeze matenda. Anafunsa chimene ndimadya ndisanathamange. Ndinati palibe.

"Agogo, thupi ili si lija lodulira nzimbe," anatero. "Kale linkasunga mphamvu. Pano silisunga zambiri. Muzidya kenakake musananyamuke. Muzitenganso nthochi. Mukathamanga ola limodzi, muzidya."

"Pamsewu?"

"Pamsewu pomwepo."



Pobwerera akazi anga anayankhula kamodzi kokha. "Bambo, ine ndinaika m'manda ana awiri. Sindikufuna kukatola inu m'ngalande. Mukadzabweranso pa kabaza, nsapato izo ndikaziponya m'chimbudzi, kuthamanga kuthere pomwepo."

Iwo sanena chinthu kawiri. Ndinadziwa kuti adzachita.

Tiyi ndi mbatata za m'mawa ndinavomera. Nthochi ankandiikira m'thumba la kabudula. Ndikangotuluka m'mudzi ndinkaisiya pachitsa kuti mbuzi zidye. Masabata atatu zinayenda bwino. Ndinkati ndapambana.

Linali Loweruka, mwezi wa Okutobala. Dzuwa linatuluka ndi ukali. Ndinatembenuka pamlatho ndili ndi mphamvu. Nditadutsa kamzikiti kam'mbali mwa msewu, chinthu chija chinafika. Nthawi imeneyi chinabwera chonse. Mawondo anamasuka. M'makutu munali phokoso ngati la njuchi. Ndinadzikoka mpaka pansi pa mtengo wa mango n'kukhala. Kunyumba kunali kudakali kutali. Akabaza awiri anaima. Ndinawabweza ndi dzanja, poti mawu sankatuluka bwino.

Kenako panaima njinga yakalekale. Anali akapitawo anga a kumunda kuja, mkulu wochokera kumpoto amene anakhazikika ku Dwangwa. Tinagwira limodzi ntchito zaka zambiri. Kumbuyo kwa njinga anamanga mtolo wa nzimbe za m'dimba mwawo, akupita nazo kumsika.

"Ndiwe, minibasi ya Kanyenda?" anatero. "Wafika pa siteji, kapena mafuta atha?"

"Ndikupuma, akapitawo."

"Ukupuma. Milomo yayera ngati phulusa, ukuti ukupuma. Ndinaona amuna angati akugwa chonchi m'munda? Dikira nditsitse mtolowu, ndikakutule."

"Sindikwera."

"Chifukwa?"

Ndinawauza za nsapato ndi chimbudzi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlamu wangayo ndi kapitawo kuposa ine," anatero.

Kenako anasiya kuseka. Anasolola nzimbe imodzi, anaithyola pabondo, anaisenda ndi mpeni n'kundilozetsa.

"Sindidyera pamsewu," ndinatero.

"Ndikudziwa. Zaka zonse zija tinkakuseka kumbali. Tafuna."

"Bambo anga anandiletsa."

"Bambo ako anamwalira ndi zaka zingati?"

Ndinawauza. Sanafike makumi asanu. Mwera unawapeza panyanja ndi bwato laling'ono.

"Ndiye ukalamba sanaulawe," anatero akapitawo. "Iwe wawadutsa. Za msinkhu uno sakanakuphunzitsa, sanafikeko. Ndiponso anati chiyani? Munthu akhale pansi? Wakhala kale. Asambe m'manja? Madzi ndi awa."

Anamasula botolo pa njinga. Ndinayang'ana botololo nthawi yaitali. Ndinaganiza za bambo anga, munthu amene m'mutu mwanga anali wamkulu nthawi zonse. Tsiku limenelo ndinaona kuti anamwalira ali wamng'ono kwa ine. Ndinatambasula manja. Akapitawo anathira madzi.

Ndinafulatira msewu n'kuyamba kutafuna. Mano anga otsalawo anavutika. Minibasi inadutsa, wina anakuwa kanthu pawindo, sindinacheuke. Chidutswa choyamba sindinamve kanthu. Chachiwiri chitatha, njuchi zija zinachoka m'makutu. Chachitatu manja anasiya kunjenjemera. Masamba a mango anayamba kuonekanso limodzilimodzi.

"Magetsi ayaka?" anafunsa.

"Ayaka."

"Yayi, usadzuke msanga. Maliza icho."

Ndinamaliza. Ndinaimirira, miyendo inandinyamula. Poyamba ndinkangoyenda, kenako ndinayamba kuthamanga pang'ono, kathamangidwe ka nkhalamba. Akapitawo ankapalasa pambuyo panga. Msika unali kuwadikira, koma sanandipitirire mpaka pamphambano yolowera kwathu. Pamenepo anangoimba belu kamodzi n'kumapita.

Ndinalowa m'mudzi ndi miyendo yanga. Akazi anga anali pakhonde akusenda chinangwa. Anayang'ana nsapato. Anayang'ana zotsalira za nzimbe pandevu panga.

"Nthochi ija ili kuti?"

"Ndinaisiya pachitsa."

"Lero lokha?"

"Masiku onse."

Mpeni unaima. Ndinadikira. 

"Lolemba ndikuikirani ziwiri," anatero, n'kupitiriza kusenda.

Kuyambira pamenepo ndimadya. Kudya uku ndikuthamanga, monga ananenera namwino, kunandikanika. Ndikafika pamlatho ndimatsikira kumtsinje, ndimasamba m'manja, ndimakhala pamwala nditafulatira msewu, n'kudya nthochi yoyamba. Yachiwiri ndimadyera pansi pa mango uja. Chinthu chija chimabwerabe masiku ena, koma chimandipeza ndili ndi kanthu m'thumba.

Akapitawo anamwalira dzinja lapitali. Kumaliro kwawo ndinapita wapansi, ndipo ndinabweranso wapansi.

Nsapato zilipo. Zatha kuchidendene, mbali imodzi. Akazi anga amaziyanika padenga la khitchini ndikabwerako. Mlatho uja wayamba kutalika chaka chino, koma ndimakafikabe.