Tsaya Lakumanzere Linakana Kuwala

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anagamula zonditumiza ku Malawi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Dzivarasekwa, komboni ya m'tauni m'dziko la anthu olankhula Chishona, nkhondo ili mkati. Mphumu inali itandikhalira pachifuwa. Ikabwera, kupuma kwanga kunkamveka ngati kulira kwa kamwana ka mphaka, amayi n'kumangondisisita msana, milomo ikupemphera. Pachifuwa panga panali mphini zosawerengeka, zotemedwa mobisa kuti akumpingo asadziwe. Zonsezo osathandiza.

"Ndi utsi wa m'tauni muno," anatero abambo, omwe ankagwira ntchito pafakitale ya fodya ku Willowvale. "Apite kwa azakhali ake ku Dedza, akapume mpweya wakumudzi."

Ine ku Dedza sindinkakudziwa. Msewu wake unali wodzera ku Tete, kumene anthu ankayenda mtima uli m'mwamba. Koma chondiopsa ine sizinali mfuti ayi, kunali kusiyana ndi amayi.

Amayi anachonderera kuti tiyese kaye kuchipatala komaliza. Tinapeza adokotala achikulire, olankhula Chishona chofatsa. Atamvetsera chifuwa, anandidina ndi chala pansi pa diso. Mayo! Ndinalumpha.

"Chimfinechi chinayamba liti?" anafunsa.

"Chimfine n'chake ameneyu, sichitha," anayankha amayi. "Ife tabwerera chifuwa, adokotala."

Sanatsutse. Anatilowetsa m'kachipinda n'kutseka makatani kuti mukhale mdima. Anandiika kagetsi kakang'ono mkamwa, nati nditseke milomo, n'kundigwirira galasi kutsogolo.

Abale inu! Nkhope yanga inayaka. Tsaya lakumanja linafiira psuu ngati khala, kuwala kukudutsa m'fupa ndi m'khungu. Sindinkadziwa kuti munthu angawale kuchokera mkati. Koma lakumanzere linali bii. Amayi anagwira pakamwa: "Ambuye Yesu!"

Adokotala anafotokoza kuti m'mafupa a kumaso muli timphako, ndipo kanga kakumanzere kanali katadzaza mafinya. Mphuno ndi chifuwa ndi njira imodzi, anatero. Kumtunda kukatupa, kumunsi nakonso kumavuta. Mphumuyo sakanatha kuichotsa, koma chimene chinkaiputa chinali chochizika.

Anatipatsa mapiritsi, natiphunzitsa kutsuka m'mphuno ndi madzi owiritsa othira mchere, akazizira. Zinkanyerenyetsa mpaka misozi, ndipo ndinkawatukwana adokotalawo chamumtima. Koma mafinya atatha, chifuwa chinayamba kundipatsa mpata. Tsiku lina abambo poweruka kuntchito anandipeza ndikudumpha chingwe pamsewu ndi anzanga. Anaima n'kumandiyang'ana, njinga ili m'manja. Za ku Dedza sanazitchulenso.

Mphumu ndili nayobe mpaka lero, ndipo mphuno ikangotseka sindizengereza. Ndinaphunzira kuti m'thupi polira pamakhala pena, povulala pena. Koma chimene chimandizizwitsa ndikamaganiza ndi china. Ndinakulira m'manja mwa amayi, ndipo pamene ankatsirizika ndine amene ndinawatseka maso, chifukwa munthu mmodzi anayang'ana kumene tonsefe sitinkayang'anako.